Kulondola Magwero a Ndakatulo Zazitali za Chisanskriti: Malangizo a Pang'onopang'ono

Alakatuli akale a ku India olemba m'chilankhulo cha Chisanskriti sankapeka nkhani akafuna kulemba ndakatulo yaitali, ija amaitcha mahakavya. Ankatenga nkhani yomwe omvera awo anakula nayo, ya mu Mahabharata kapena mu Ramayana, ndakatulo ziwiri zakale za ngwazi ndi nkhondo, kapena m'mabuku a Purana osimba za milungu ndi mafumu, n'kuiumba mwina. Choncho funso loti nkhaniyo anaitenga kuti silivuta, mungaliyankhe tsiku limodzi. Ntchito ili pa zotsalazo, chifukwa m'ndakatulo zambiri zoterezi nkhani yobwerekayo siikwana ngakhale theka. Mikangano ya m'bwalo la mfumu, kafotokozedwe ka mapiri ndi nyengo, muyeso wa mizere (kasanjidwe ka maphatikizo pa mzere), zonsezi nazo zili ndi kwawo. Malangizo awa ndi othandiza kulondola magwero amenewa limodzilimodzi, popanda kunamizira mlakatuli kuti anabwereka pomwe sanabwereke.

1. Sankhani ndakatulo imodzi, sonkhanitsani zida

Zomwe aphunzitsi a ku India amati zikuluzikulu zilipo zisanu: Raghuvamsha ndi Kumarasambhava za Kalidasa, Kiratarjuniya ya Bharavi, Shishupalavadha ya Magha, ndi Naishadhiyacharita ya Shriharsha. Woyamba kumene ayambe ndi Kiratarjuniya. Ili ndi mitu 18, ndime zongopitirira 1,000, ndipo gwero la nkhani yake lili pamalo amodzi, m'buku lachitatu la Mahabharata. Naishadhiyacharita muisiye kaye. Ili ndi mitu 22 ndipo Shriharsha ankakonda kumanga mfundo dala kuti owerenga athukutire.

Mukhale ndi ndakatuloyo m'Chisanskriti pamodzi ndi ndemanga za Mallinatha, katswiri wakale wotanthauzira ndakatulozi, kumasulira komwe kumasunga manambala a ndime, ndi mtanthauziramawu, wa Monier-Williams wa 1899 kapena wa Apte. Onse awiri amapezeka pa intaneti. Malemba oti muzifufuzamo mawu pa kompyuta alipo ochuluka ku nkhokwe ya GRETIL. Zilembo zikhale zokhala ndi timizere ndi timadontho tosonyeza liwu lalitali ndi lalifupi, apo ayi pa gawo la muyeso mudzasowa pogwira.

Mahabharata yoti muigwiritse ntchito ndi yosefedwa ya ku Pune, yomwe bungwe la Bhandarkar Oriental Research Institute linaikonza kuyambira 1919 mpaka 1966 poyerekeza mabuku olembedwa pamanja opitirira 1,000. Ramayana yosefedwa ndi ya ku Baroda, yomwe inatuluka pakati pa 1960 ndi 1975. Mabuku ena ofala amatsatira Mahabharata ya Nilakantha wa zaka za m'ma 1600, ndipo manambala a mitu yawo amasiyana ndi a ku Pune. Mukasakaniza awiriwa mudzatsegula mutu womwe mwauzidwa n'kupezamo nkhani ina.

Kenako jambulani tebulo la madanga asanu: nambala ya mutu ndi ndime, zomwe zikuchitika, komwe mukuganiza kuti zachokera, umboni wake, ndi chomwe mlakatuli wasintha. Danga lomalizali ndilo lidzadzaza msanga.

2. Ikani zaka patsogolo

Musanayerekeze mzere uliwonse, dziwani amene anabadwa poyamba. Alakatuli ambiri a Chisanskriti sanasiye tsiku, choncho akatswiri amadalira zikhomo zochepa zokhazikika, makamaka zozokotedwa pamiyala. Mwala wa ku Aihole, kum'mwera kwa India, wa chaka cha 634, uli ndi ndakatulo ya Ravikirti yemwe akudziyerekeza ndi Kalidasa ndi Bharavi powatchula maina. Ndiye kuti awiriwa anali atatchuka kale chisanafike chakacho. Mwala wa ku Mandasor wa 473, womwe Vatsabhatti analembera gulu la oomba nsalu za silika, uli ndi ndime zomwe ambiri amamva mawu a Kalidasa m'kati mwake, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe Kalidasa amaikidwira cha m'ma 400, nthawi ya mafumu a Gupta. Ashvaghosha, mlakatuli wachibuda, amaikidwa cha m'ma 100. Buddhacharita yake inali itamasuliridwa kale m'Chitchaina cha m'ma 420. Bharavi ndi wa zaka za m'ma 500, Magha cha m'ma 700, Shriharsha zaka za m'ma 1100.

Lembani mndandanda umenewu pamwamba pa tebulo lanu. Mabuku a Purana musawapatse chaka chimodzi, chifukwa anakula pang'onopang'ono kwa zaka mazana ambiri. Tidzabwererako pa gawo lachisanu.

Miyala yomweyi ikuphunzitsaninso china. Zozokotedwa za Rudradaman ku Junagadh, cha m'ma 150, ndi chitamando chomwe Harishena analembera Samudragupta pa chipilala cha ku Allahabad zikusonyeza kuti luso lotamanda mfumu m'mawu okometsedwa linalipo kale m'mabwalo a mafumu. Mukamawerenga mutu 4 wa Raghuvamsha, pomwe Raghu akugonjetsa mbali zonse zinayi za dziko, muuike pambali pa chitamando cha Harishena.

3. Goneketsani ndakatulo pambali pa gwero lake

Apa ndi pofunika kudekha. Werengani kaye nkhani ya mu Mahabharata yonse, kuyambira pomwe Yudhishthira, mfumu yolandidwa ufumu, akutsutsana ndi mkazi wake Draupadi ndi mng'ono wake Bhima m'nkhalango ya Dvaitavana mpaka pomwe mng'ono wake wina, Arjuna, akulandira chida cha Pashupata kwa mulungu Shiva. Kumenyana kwenikweni kwa Arjuna ndi mlenje wa m'phiri, yemwe ndi Shiva wodzisandutsa, kuli cha pa mutu 40 wa buku lachitatu, ndipo ndi kwakufupi. Lembani zochitika chimodzichimodzi, mzere umodzi pa chochitika. Mukatero werengani Bharavi mutu ndi mutu, mukuika chizindikiro cha mitundu itatu: chasungidwa, chasinthidwa, chawonjezedwa.

Muona zinthu ngati izi. Bharavi akutsegula ndi kazitape wokhala m'nkhalango yemwe wabwera kudzauza Yudhishthira momwe Duryodhana, mdani amene anamulanda ufumu, akulamulira bwino dziko. Kazitapeyu mu Mahabharata mulibe pamalo amenewa. Ndi iye amene akuyatsa moto wa mawu a Draupadi mu mutu 1 ndi a Bhima mu mutu 2. Mu Mahabharata, wanzeru Vyasa akupereka chidziwitso chachinsinsi kwa Yudhishthira, iye n'kupatsira Arjuna. Kwa Bharavi, Vyasa akuchipereka kwa Arjuna mwachindunji. Kusintha kwakung'ono, koma kukusonyeza amene ndakatuloyo ikumukweza. Mu Mahabharata, Shiva akubwera ngati mlenje limodzi ndi mkazi wake Uma ndi gulu la akazi; kwa Bharavi akubwera ndi chikhamu cha asilikali ake, mwana wake Skanda ali pakati pawo, kuti pakhale nkhondo yodzaza mitu ingapo. Mathero nawonso ndi osiyana. Mu Mahabharata Arjuna akufinyidwa mpaka kukomoka. Kwa Bharavi, Shiva atadumpha m'mwamba polimbana, Arjuna akumugwira mapazi, ndipo m'pamene mulunguyo akudziulula. Kugwira mapazi kumeneko ndi luso la wolimbana komanso ndi kalambiridwe, zonse pakamodzi.

Nguluwe yomwe onse awiri akuilasa, chiwanda Muka, ilipo mbali zonse. Indra, mfumu ya milungu, wodzisandutsa nkhalamba yopemphera aliponso mbali zonse, koma Bharavi anamupatsa mutu 11 wathunthu.

Tsopano onani danga la zowonjezedwa. Mutu 4 ndi nyengo ya pambuyo pa mvula, mutu 5 ndi mapiri a Himalaya, ndipo kuyambira mutu 7 mpaka 10 ndi akazi akumwamba, ma apsara, omwe Indra wawatuma kukayesa Arjuna: ulendo wawo, kuthyola maluwa, kusamba mumtsinje, kulowa kwa dzuwa, kutuluka kwa mwezi, kumwa, chikondi. Mitu isanu ndi umodzi mwa 18 ilibe mnzake m'gwero.

Apa pali dzenje lomwe ambiri amagweramo. Wina amakumbukira nkhani ya Urvashi yemwe anafuna Arjuna kumwamba kwa Indra n'kumutemberera atakanidwa, ndiye amalemba kuti Bharavi anatenga ma apsara pamenepo. Mukatsegula Mahabharata ya ku Pune, nkhani ya Urvashi siili m'thupi la bukulo. Akonzi anaiika ku zakumapeto chifukwa mabuku ena olembedwa pamanja alibe. Izi sizikutanthauza kuti Bharavi sankaidziwa, koma simungaiyese umboni. Mwambo wa Indra wotumiza ma apsara kwa munthu wodzimana popemphera ndi wofala m'nkhani zambiri, monga ya Menaka ndi Vishvamitra, ndipo umenewo ndi wokwanira kufotokoza chiyambi cha mituyi. Chizolowezi chanu chikhale ichi: ndime iliyonse ya Mahabharata kapena Ramayana yomwe mukufuna kuitcha gwero, onani ngati ili m'thupi la buku losefedwa, kapena ili m'munsi ndi kanyenyezi, kapena ku zakumapeto. Kusiyana kwake si kwakung'ono. Mwambo umati Mahabharata ili ndi ndime 100,000, pomwe yosefedwa ili ndi pafupifupi 75,000.

Si onse amatambasula. Kalidasa mu mutu 12 wa Raghuvamsha anapanikiza mabuku asanu a Ramayana ya Valmiki, kuyambira pa kuthamangitsidwa kwa Rama mpaka imfa ya Ravana, m'ndime zongopitirira 100. Shriharsha anachita mosiyana: nkhani ya Nala ndi Damayanti anaidula pakati, n'kuthera mitu 22 pa chikondi ndi ukwati, osafika pa juga ndi kutaya ufumu. Zomwe mlakatuli wasiya muzilembenso.

4. Funani mlakatuli amene anamutsogolera

Zowonjezedwa zija sizigwa kumwamba. Dandin, yemwe analemba Kavyadarsha cha m'ma 700, anandandalika zomwe mahakavya imayenera kufotokoza: mzinda, nyanja, phiri, nyengo, kutuluka kwa mwezi ndi kwa dzuwa, masewera a m'munda wa maluwa ndi a m'madzi, kumwa, chikondi, kulekana, ukwati, kubadwa kwa mwana wa mfumu, upo, mthenga, ulendo wa asilikali, nkhondo ndi kupambana kwa ngwazi. Ikani mndandandawu pambali pa danga lanu la zowonjezedwa, muona zikulumikizana pafupifupi zonse. Koma bwererani ku zaka zanu. Dandin anabwera Kalidasa ndi Bharavi atapita kale. Iye anakolola mndandandawo m'ndakatulo zawo. Iwo sanalembe pomvera iye. Kulemba kuti Bharavi anatsatira malamulo a Dandin ndi kutembenuza mbiri chadodolido.

Gwero lenileni la zinthuzi ndi alakatuli anzawo, ndipo chitsanzo chosakanika ndi Magha potsatira Bharavi. Yesani nokha. Ndakatulo zonse ziwiri zikuyamba ndi mawu amodzimodzi, śriyaḥ. Bharavi anaika mawu oti lakṣmī m'ndime yomaliza ya mutu uliwonse. Magha anaika śrī. Onse ali ndi upo wa ndale mu mutu 2, kwa Magha otsutsana ndi Balarama ndi Uddhava pamaso pa Krishna. Bharavi akufotokoza Himalaya mu mutu 5 posinthasintha miyeso. Magha akufotokoza phiri la Raivataka mu mutu 4 posinthasintha miyeso yochuluka kuposa apo. Bharavi anaika masewera a zilembo mu mutu 15, pakati pa nkhondo, kuphatikizapo ndime yomangidwa pafupifupi yonse pa lembo n. Magha anachita zomwezo mu mutu 19 n'kuwonjeza. Bharavi akutamanda Shiva, Magha akutamanda Vishnu, wina mitu 18, mnzake 20. Kufanana kotere, pa malo omwewo ndi m'dongosolo lomwelo, ndi mpikisano wadala.

Chitsanzo chachiwiri n'chovutirapo, ndipo n'chifukwa chake chili chothandiza. Mu mutu 3 wa Buddhacharita akazi a mumzinda akuthamangira kumawindo kukaona mwana wa mfumu akudutsa, zokongoletsera zili zosamalizidwa. Mu mutu 7 wa Raghuvamsha akazi akuchita zomwezo poona Aja, ndipo ndime zingapo za pamenepo Kalidasa anazibwerezanso mu mutu 7 wa Kumarasambhava poona Shiva. Pakati pa ndakatulo ziwiri za Kalidasa palibe chokayikitsa, mawu ake ndi omwewo. Pakati pa Ashvaghosha ndi Kalidasa chithunzi n'chimodzi koma mawu ndi osiyana. Miphika iwiri ikafanana, nthawi zina n'chifukwa choti oumba anakumba dongo pa mtapo umodzi. Ashvaghosha yemweyo ankaidziwa bwino Ramayana, amamutchula Valmiki ndi dzina mu mutu 1, ndipo akazi ogona mosadzisamala m'nyumba yachifumu mu mutu 5 akukumbutsa zomwe Hanuman anaona m'nyumba ya Ravana.

Kuti musiyanitse kubwereka ndi kungofanana, funsani mafunso atatu. Kodi pali mawu osowa, osati ofala ngati mwezi kapena duwa, omwe akupezeka mbali zonse? Kodi zinthu zikutsatana m'dongosolo lomwelo? Kodi chithunzicho chikupezekanso m'buku lachitatu lakale kuposa onse awiri? Mayankho awiri oyamba akakhala inde, lachitatu ayi, mungalembe kuti wabwereka. Lachitatu likakhala inde, lembani kuti onse akuchokera ku mwambo umodzi.

Pofufuza pa kompyuta, kumbukirani kuti Chisanskriti chimalumikiza mawu n'kusintha zilembo za m'malire. Mawu oti iti akakumana ndi uvāca amakhala ity uvāca, ndipo rāmaḥ akakumana ndi ca amakhala rāmaś ca. Mukafufuza mawu athunthu, makina adzakuuzani kuti palibe pomwe alipo. Fufuzani tsinde lokha, mutadula lembo loyamba kapena lomaliza ngati lingasinthe.

5. Ma Purana: onani komwe madzi akulowera

Yesani ndi mzera wa mafumu. Kalidasa akuti Dilipa anabereka Raghu, Raghu anabereka Aja, Aja anabereka Dasharatha, atate a Rama, ndipo akumalizira mu mutu 19 ndi Agnivarna, mdzukulu wakutali wa Rama yemwe anafa ndi zosangalatsa. Tsegulani mndandanda wa m'buku loyamba la Ramayana. Kumeneko pakati pa Dilipa ndi Raghu pali Bhagiratha ndi Kakutstha, pakati pa Raghu ndi Aja pali mafumu ambirimbiri, ndipo Agnivarna ali m'gulu la makolo a Rama. Mndandanda wa mu Vishnu Purana ndi Vayu Purana ndiwo uli pafupi ndi wa Kalidasa, ngakhale umaika Dirghabahu pakati pa Dilipa ndi Raghu. Ndiye kuti ngakhale pa nkhani ya banja la Rama, Kalidasa sanadalire Valmiki yekha. Iye mwini mu ndime 4 ya mutu 1 akunena za anzeru akale, ambiri osati mmodzi, omwe anamutsegulira khomo, kuti iye akungodutsa ngati ulusi m'mwala wamtengo wapatali womwe daimondi inabowola kale.

Magha nayenso anatenga imfa ya Shishupala m'buku lachiwiri la Mahabharata, koma mbiri yoti Shishupala anali Hiranyakashipu kenako Ravana m'miyoyo yam'mbuyo, yomwe Narada akuifotokoza mu mutu 1, mudzaipeza mu Vishnu Purana.

Choopsa n'chakuti madzi amayendanso chobwerera. Nkhani ya Dilipa woweta ng'ombe Nandini ili mu Padma Purana m'mawu oyandikana kwambiri ndi a Kalidasa, ndipo Shiva Purana ili ndi ndime zofanana ndi za mu Kumarasambhava. Akatswiri ambiri amaona kuti pamalo amenewa okonza Purana ndiwo anatapa kwa Kalidasa. Poyesa, onani mbali yomwe fanizo likukhala bwino. Likakhala lokwana ndi lomangika kwa mlakatuli, koma mu Purana lili lodukaduka kapena lafupikitsidwa mpaka kusamveka, kawirikawiri Purana ndiyo yabwereka. Bhagavata Purana nayo imafotokoza imfa ya Shishupala, koma ambiri amaiika pambuyo pa Magha, choncho musathamangire kuilemba m'danga la magwero.

6. Lolani Mallinatha akulozereni mabuku a maphunziro

Mlakatuli wa mahakavya ankayembekezeredwa kudziwa galamala, ndale, malamulo, za chikondi, za nyenyezi ndi nzeru za zipembedzo, ndipo omvera ankasangalala akazindikira buku lomwe lili kuseri kwa ndime. Njira yachidule yozipezera ndi ndemanga za Mallinatha wa cha m'ma 1400. Iye akatchula buku amamaliza ndi iti kenako dzina: ity amaraḥ ndiye kuti mtanthauziramawu wa Amarakosha, iti manuḥ ndiye kuti malamulo a Manu, iti kāmandakaḥ ndiye kuti buku la ndale la Kamandaka. Pitani m'mutu umodzi mukudula mzere pansi pa iti aliyense wotsatana ndi dzina, muwerenge kuti buku lililonse latchulidwa kangati. Pa mutu 2 wa Bharavi kapena wa Magha mabuku a ndale adzachuluka.

Chenjezo: Mallinatha akutchula buku lomwe likuthandiza kumva ndimeyo, osati kwenikweni lomwe mlakatuli anawerenga. Ena mwa mabuku omwe amatchula analembedwa mlakatuliyo atafa kale. Chomwe mutenge ndi nthambi ya maphunziro, kenako mufune buku lakale la nthambiyo.

Pa ndale, phunzirani timagulu ta mawu tomwe timachokera ku mwambo wa Arthashastra, buku lakale la kayendetsedwe ka dziko. Njira zinayi zothanirana ndi mdani ndi kunyengerera, mphatso, kugawanitsa ndi chilango. Mfundo zisanu ndi imodzi ndi pangano, nkhondo, kunyamuka, kukhala chete, kuchita ziwiri pakamodzi ndi kuthawira kwa wamphamvu. Mphamvu zitatu za mfumu ndi chuma ndi asilikali, uphungu, ndi changu. Mukaziloweza, mawu a Bhima ndi Yudhishthira amasanduka mtsutso wa masukulu awiri, wina wokweza changu, wina wokweza uphungu ndi kudikira nthawi.

Galamala imalowa ngakhale m'mafanizo. Mu mutu 2, ndime 112, Magha akuti ndale zopanda akazitape siziwala, monganso galamala yopanda Paspasha, mawu oyamba a buku la galamala la Patanjali. Mawu omwewo akunyamula matanthauzo onse awiri. Bhatti, yemwe analembera ku Valabhi, anafika patali: ndakatulo yake ya mitu 22 ikufotokoza nkhani ya Rama uku ikupereka zitsanzo za malamulo a Panini motsatana. Pa iyeyo gwero la nkhani ndi Valmiki, koma gwero la kasankhidwe ka mawu ndi Ashtadhyayi, buku la galamala la Panini. Nyimbo yotamanda Brahma mu mutu 2 wa Kumarasambhava yadzaza ndi mawu a nzeru za Samkhya, mutu 8 wa ndakatulo yomweyo ndi mutu 19 wa Raghuvamsha zikuyandikana ndi Kamasutra, ndipo mutu 17 wa Shriharsha uli ndi mfundo za a Charvaka okana moyo wa pambuyo pa imfa.

7. Werengani maphatikizo

Muyeso nawo uli ndi makolo. Tengani ndime yoyamba ya mutu uliwonse, muigawe m'mizere inayi, muwerenge maphatikizo a mzere umodzi, kenako muike chizindikiro pa lolemera ndi lopepuka. Phatikizo ndi lolemera ngati liwu lake lili lalitali (ā, ī, ū, e, ai, o, au), kapena likutsatidwa ndi ṃ kapena ḥ, kapena ndi malembo awiri opanda liwu. Pomwe ambiri amalakwa ndi pawiri: e ndi o ndi zazitali nthawi zonse ngakhale zilibe kamzere, ndipo kh, gh, th, dh, ph, bh ndi lembo limodzi, osati awiri.

Yesani pa mzere wotsegulira Bharavi, śriyaḥ kurūṇām adhipasya pālanīm. Maphatikizo ndi 12: lopepuka, lolemera, lopepuka, lolemera, lolemera, lopepuka, lopepuka, lolemera, lopepuka, lolemera, lopepuka, lolemera. Umenewu ndi muyeso wa vamshastha. Chitani chimodzimodzi pa mzere wotsegulira Magha, mupeza womwewo, umboni winanso wa m'danga lanu.

Maphatikizo 8 pa mzere ndi shloka, muyeso wa Mahabharata ndi Ramayana, wochokera ku anushtubh ya m'ma Veda, mabuku opatulika akale kwambiri a ku India. Maphatikizo 11 ndi banja la upajati, zidzukulu za trishtubh, ndipo 12 a vamshastha amachokera ku jagati. Lembani muyeso wa mutu uliwonse, muone ngati ukunena kanthu. Kalidasa anagwiritsa ntchito shloka mu mutu 12 ndi 15 wa Raghuvamsha, pomwe akuyenda m'mapazi a Valmiki. Mawu a Rati olira mwamuna wake mu mutu 4 wa Kumarasambhava ndi a Aja olira mkazi wake mu mutu 8 wa Raghuvamsha onse ali mu muyeso wa viyogini. Koma musakhazikitse lamulo loti viyogini ndi wa maliro okha, pakuti mutu 2 wa Bharavi, wa ndale zokhazokha, uli mu muyeso womwewo. Ndime imodzi kapena ziwiri zomaliza mutu zimasintha muyeso mwa mwambo, choncho musayesere pamenepo.

8. Patulani za aliyense, kenako onani buku lomwe mwagwira

Pali zithunzi zomwe zilibe mwini: mbalame za chakravaka zolekana usiku, chakora womwa kuwala kwa mwezi, chataka womwa madontho a mvula okha, mtengo wa ashoka wochita maluwa mkazi akaumenya ndi phazi, mbiri yabwino yomwe nthawi zonse ndi yoyera. Rajashekhara, cha m'ma 900, anasonkhanitsa zambiri zotere mu Kavyamimamsa ngati mapangano a alakatuli. Mukazipeza lembani kuti ndi za mwambo, musazifunire gwero. Rajashekhara yemweyo anagawa kubwereka m'mitundu, kuyambira kongobwereza ngati chithunzi cha pagalasi mpaka kotenga mfundo n'kuipatsa thupi lina, ndipo magawo akewo mungawagwiritse ntchito m'danga lanu la umboni. Pa timachitidwe ta okondana, kukwiya kwa mkazi, mthenga wamkazi, zizindikiro zobisika, yang'ananinso ndakatulo zazifupi za Chiprakriti, chilankhulo chachibale cha Chisanskriti, mu Sattasai ya Hala, zomwe zilipo pafupifupi 700. Ofufuza m'Chisanskriti chokha amalumpha gwero limeneli.

Za kunja kwa India zilipo koma n'zochepa, ndipo zimagwirika pa mawu. Ndime yoyamba ya mutu 7 wa Kumarasambhava, posankha tsiku la ukwati wa Parvati, ili ndi mawu oti jāmitra, a okhulupirira nyenyezi, ochokera ku Chigiriki. Umboni wotere ukusonyeza kuti maphunziro a nyenyezi a Agiriki anali atalowa m'bwalo la mfumu. Sukusonyeza kuti Kalidasa anawerenga alakatuli a ku Greece, ndipo kufanana kwa nkhani za ngwazi zolanditsa akazi obedwa sikokwanira kumangapo mfundo yotero.

Musanatseke tebulo, bwererani pa ndime iliyonse yomwe mwamangapo mfundo yaikulu, muione m'ndemanga ziwiri. Vallabhadeva wa ku Kashmir, wa zaka za m'ma 900, anali ndi malemba osiyana ndi a Mallinatha m'malo ambiri. Mu mutu 4 wa Raghuvamsha, pomwe akavalo a Raghu akupumula asanakumane ndi anthu a mtundu wa Huna, Mallinatha akuwerenga kuti mtsinjewo ndi Sindhu, pomwe Vallabhadeva akuwerenga Vankshu, womwe ndi Oxus wa ku Central Asia. Mawu amodzi amenewa amasuntha malo a nkhondoyo ndi mtunda wautali, komanso amasintha zomwe munganene za nthawi ya Kalidasa. Kumarasambhava nayo imasindikizidwa ndi mitu 17, koma othirira ndemanga akale anaimira pa mutu 8, ndipo yotsatirayo ambiri amati ndi ya munthu wina. Mukapeza kufanana ndi Purana mu mutu 12, mwina mukulondola magwero a mlakatuli wina osati Kalidasa. Pa mzere uliwonse wa tebulo lanu lembani buku losindikizidwa lomwe mwagwiritsa ntchito ndi wothirira ndemanga yemwe mawuwo akutsatira, kuti wina wobwera ndi buku losiyana adziwe pomwe mwasiyanirana.